Ndili ku America, koma ndimangocheza ndi makoma

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 31 ndipo ndili ndi mwana mmodzi wa zaka zitatu. Chaka chatha ndidatsatira amuna anga ku Michigan, m'dziko la America, komwe akuchita maphunziro apamwamba. Kwathu ku Zomba ndinali mphunzitsi wa kusekondale, koma kuno viza yanga ya F-2 siyindilola kugwira ntchito. Bambo amanyamuka m'mamawa, kubwera usiku ali otopa, akangodya n'kutsegulanso laputopu. Ine kuswera m'nyumba ndi mwana basi. Oyandikana nawo amangomwetulira n'kutseka chitseko. Ndikadandaula, bambo amati, "Ukusowa chiyani? Chakudya chilipo, magetsi sazima." Abale kumudzi amati ndili pabwino. Tayamba kukangana pa zinthu zopanda mutu. Kodi anzanga ndingawapeze bwanji?

Wosungulumwa, Michigan

Mwana wanga,

Kalata yako yandikhudza, ndipo usadzione ngati wosayamika. Abalewo akuona zithunzi za chipale chofewa pa Facebook, sakuona kuti mu Disembala kumeneko kumada 5 koloko madzulo iwe usanalankhule ndi munthu wamkulu aliyense. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngakhale WhatsApp imene siyikukwanira: nthawi yachisanu Malawi amakhala patsogolo ndi maola 7, ndiye pamene ukutsuka mbale za nkhomaliro, amayi ako kuno akuyala mphasa. Masana onse ndi ako wekha.

Kwathu kuno chibwenzi sitichita kuchifunafuna. Chimakupeza pampopi, pamaliro, ku Mvano, m'minibasi, kapena mnansi akabwera kudzapempha kamchere. Ku America palibe adzagogode. Anthu ake si ouma mtima ayi, koma amazolowera nkhope imene akuiona malo amodzimodzi, nthawi imodzimodzi, sabata ndi sabata. Choncho sankha malo awiri okha, ndipo uziwapita osadumphitsa.

Oyamba akhale laibulale ya m'tauni mwanu. Khadi lake n'laulere kwa okhala m'deralo, ndipo malaibulale ambiri amakhala ndi ola lowerengera ana nthano. Ana amakhala pansi pakapeti, amayi m'mbali atagwira majekete a ana awo. Tsiku loyamba mudzangopatsana moni. Ulendo wachinayi wina adzafunsa dzina la mwana wako. Uyang'anitsitse amayi ochokera ku India, China, Ghana kaya Brazil. Ambiri adabwera pa viza yofanana ndi yakoyo, adasiya ntchito zawo ngati iwe, ndipo nawonso akudikira wina ayambe. Yamba ndiwe. Wina akakuuza kuti mudzamwe khofi tsiku lina, usadikire kuitanidwa, chifukwa kumeneko mawu amenewo amatha kukhala ulemu chabe. Tulutsa foni pomwepo: "Lachitatu, 10 koloko, kwathu." Ukazinge mandasi. Sindinaonepo munthu wodya mandasi otentha n'kulephera kufunsa kaphikidwe kake.

Achiwiri akhale tchalitchi. Mapemphero akatha usathamangire kugalimoto. Pa khofi wa pambuyo pake ndi pamene anthu amadziwirana. Lowa kwaya kapena gulu logawa chakudya kwa osowa. Viza yako imaletsa ntchito yolipidwa, koma ntchito yeniyeni yongodzipereka siyiletsa, ndipo maphunziro a maola ochepa pasabata amaloledwanso. Usanayambe, kafunse ku ofesi yoona za ophunzira akunja pasukulu ya amuna ako, kuti usaphwanye lamulo mosadziwa. Maofesi otere nthawi zambiri amadziwanso magulu a akazi ndi amuna a ophunzira. Ndiwe mphunzitsi, mwanawe, mutu umenewo usachite dzimbiri.

Amalawi aliponso. Ku South Bend, m'chigawo choyandikana nanu cha Indiana, kuli Amalawi ambiri ndithu, ndipo akunja amakonda kusonkhana nyengo ya 6 Julaye. Pita ukaseke m'Chichewa, ukadye nsima yophika wina. Koma za m'chipinda mwako usakakhuthule tsiku loyamba. Pagulu laling'ono nkhani imafika ku Zomba iwe usanafike kunyumba.

Tsopano za bambo. Mikangano yanuyo gwero lake n'lakuti munthu mmodzi wasanduka mwamuna wako, mnzako, mchemwali wako ndi mudzi wako wonse, ndipo akafika ali wotopa iwe umakhala utasunga mawu a tsiku lonse. Sangakwanitse. Komanso iye asabisale kumbuyo kwa mabuku. Udasiya choko ndi malipiro ako chifukwa cha maphunziro ake, ndipo zimenezo azidziwe. Usamuyambe akungolowa pakhomo. Dikira Loweruka, mwana atagona, umuuze modekha kuti chimene ukusowa si chakudya koma anthu, ndipo umupemphe zinthu zitatu zogwirika: akuphunzitse kuyendetsa galimoto mpaka upeze laisensi, pakuti kumeneko wopanda galimoto ali ngati womangidwa miyendo, azitsala ndi mwana madzulo amodzi pasabata, ndipo uzikhala ndi kandalama kako kosachita kupempha.

Ukaona kuti tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, misozi ikungotsika masabata angapo, usati ndi kupukwa chabe. Kaonane ndi dokotala, ndipo bambo akuperekeze.

Ukapita kulaibulale kanayi, undilemberenso. Ndikufuna kumva kuti mandasiwo adadya ndani.

Azakhali ako