N'chifukwa chiyani yafa ng'ombe yamkaka yokha, zamakolo zili gwa?

Bambo wina woweta ng'ombe ku Mchinji wanditumizira imelo. Akuti anagula ng'ombe yamkaka ya Friesian n'kuiphatikiza ndi zamakolo. Mwezi usanathe inatentha thupi, inayamba kuyenda mozungulira, kenako inagwa n'kumapalasa miyendo mpaka kufa. Alangizi a ziweto atatumbula anapeza madzi atazinga mtima, nati ndi heartwater. Funso lawo: "Zamakolozi zili ndi nkhupakupa zomwezo koma sizidwala. Ndiye matendawa achokera kuti?"

Pepani bambo ndi chitayiko chimenechi. Yankho langa likhoza kukuwawani: n'kutheka kwambiri kuti matendawa anali kale m'ng'ombe zanu zooneka zathanzizo.

Heartwater imayamba ndi bakiteriya wotchedwa Ehrlichia ruminantium, amene Edmund Cowdry anamuzindikira mu 1925 ku Onderstepoort, South Africa. Kuno amafalitsidwa ndi nkhupakupa zamawangamawanga zamlomo wautali zija, za mtundu wa Amblyomma, zokonda kumata kubere, m'mphechepeche ndi kunsi kwa mchira. Pa moyo wake nkhupakupayi imayamwa katatu, nthawi iliyonse pa nyama ina. Ikatenga kachilombo idakali yaing'ono, imagwa pansi, kufundula, n'kukapatsira nyama yotsatira.

Apa ndiye pagona nkhani. Thole likangobadwa, kwa masabata atatu kapena anayi thupi lake limalimbana ndi kachilomboka mwachibadwa. Likalumidwa m'nyengo imeneyi limadwala pang'ono, mwina osaoneka n'komwe, n'kutsala ndi chitetezo. Kulumidwa kwa chaka ndi chaka kumachilimbitsa chitetezocho. Koma chitetezochi chimangoletsa kudwala. Sichisesa tizilombo tonse. Tochepa timatsalira, ndipo nthawi ndi nthawi timatulukira m'magazi. Kafukufuku wa Andrew ndi Norval ku Zimbabwe, wofalitsidwa mu 1989, anapeza ng'ombe yochira ikupatsirabe nkhupakupa patatha masiku 246, nkhosa masiku 223, njati masiku 161. Zili ngati malungo kumadera akunyanja: wamkulu amayenda bwinobwino ali ndi tizilombo m'magazi, udzudzu n'kutenga kwa iyeyo kukadwalitsa mlendo.

Chitetezo chimachepetsabe kufala kwa matenda. Ng'ombe yotentha thupi ili ndi tizilombo tambiri m'magazi, kotero nkhupakupa zoyamwa pamenepo zimatenga mosavuta kusiyana ndi zoyamwa pa yochira. Komanso ng'ombe zamalinunda thupi lawo limakana nkhupakupa kuposa zochokera ku Ulaya. Friesian wanu analibe zonsezi. Ngati anakulira m'khola lodyetsera pomwepo, akupoperedwa mankhwala pafupipafupi, anafika pamsipu wanu thupi lisanakumanepo ndi kachilomboka.

Ndikudziwa kuti maganizo oyamba ndi akuti mupopere ng'ombe zonse sabata iliyonse mpaka nkhupakupa zitheretu. Ine sindingakulangizeni zimenezo pa zamakolo. Ku Zimbabwe dibi inali yokakamiza kwa zaka zambiri, ng'ombe n'kukula zopanda chitetezo. Madibi atasokonekera pa nkhondo yomenyera ufulu m'zaka za m'ma 1970, ng'ombe pafupifupi miliyoni imodzi zinafa, zambiri ndi matenda a nkhupakupa, heartwater ili pomwepo. Zamakolo zimafunika kuchepetsa nkhupakupa, makamaka dzinja pamene zazikulu zimachuluka ndi kuwononga mabere, osati kuzithetseratu.

Yamkaka ndi nkhani ina. Mukadzagulanso, funsani kumene inakulira. Isadye limodzi ndi zamakolo, ipoperedwe mosadumphitsa, ndipo samalani ndi udzu womweta chifukwa nkhupakupa zimabwera nawo. Gulani choyezera kutentha thupi. Ikapitirira madigiri 40, itanani alangizi tsiku lomwelo. Jakisoni wa oxytetracycline amachiritsa ikangoyamba kutentha, koma ikafika pozungulira ndi kugwa nthawi zambiri mwachedwa. Ngati muli ndi mbuzi za Boer, ziyang'anireni chimodzimodzi, pakuti heartwater imazipha msanga kuposa ng'ombe.