Kudutsitsa silagi paboda, ndi zomwe pepala la wogulitsa silinena za maso ndi khungu

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: momwe malonda a silagi amayendera paboda, komanso ngati ndi zoona zomwe wogulitsa wakuuzani, zoti katunduyu ndi miyala chabe, sayabwa, saotcha. Ndichedwa pa funso lachiwirilo, chifukwa ndi pomwe ine ndinaonera zakuda.

Silagi ndi zotsalira za m'ng'anjo. Akamasungunula miyala kuti apeze chitsulo, zosafunika zimayandama pamwamba, amazikhuthulira pambali, ndipo zikazizira zimauma ngati mwala kapena galasi. Dzina ndi limodzi, koma katunduyo amasiyana kutalitali. Yochokera m'ng'anjo zazitali zosungunulira miyala ya chitsulo, akaiziziritsa mwadzidzidzi ndi madzi, imakhala ngati mchenga, ndipo amaifuna ndi opanga simenti. Yochokera koyenga sitilo imapita kumisewu. Ya kopa ndi yakuda, yonyezimira, yakuthwa. Ogula ake ambiri ndi aja amapala dzimbiri pazitsulo poiwaza ndi mpweya wamphamvu. Choncho musanafunse mtengo, funsani kuti yatuluka m'ng'anjo yanji. Wogulitsa akayamba kuzungulira pa funso limeneli, ine ndimatsanzika.

Zapaboda sizivuta kwambiri mukakhala ndi ejenti wodziwa ntchito. Akasitomu amayang'ana nambala ya HS, yomwe imasonyeza mtundu wa katundu paboda: 2618 ndi ya silagi yamchenga ija ya kopanga chitsulo, 2619 ndi ya silagi ina ya chitsulo ndi sitilo, pomwe 2620 ndi ya zotsalira zomwe zili ndi zitsulo zina kapena poizoni wotchedwa arsenic. Vuto lenileni ndi lakuti katundu wanu amutcha malonda kapena zinyalala. Akamutcha zinyalala zoopsa, mwalowa m'pangano la Basel la 1989, lomwe limafuna kuti dziko lolandira livomereze kaye polemba lole isananyamuke. Mayiko ambiri a mu Africa anasainanso pangano la Bamako la 1991, loletsa kulowetsa zinyalala zoopsa zochokera kunja kwa Africa. Ndiye muzikhala ndi kalata ya wogula yonena chomwe akakachite nayo, ndi zotsatira za kulabu zoonetsa zomwe zili m'katunduyo. Popanda zimenezi lole imagona paboda masiku, inu mukulipira.

Tsopano za khungu ndi maso. Wogulitsa weniweni amakupatsani pepala lotchedwa SDS, lofotokoza kuopsa kwa katundu ndi momwe mungadzitetezere. Lili ndi zigawo 16, molingana ndi ndondomeko ya GHS, yolembera kuopsa kwa mankhwala, yomwe bungwe la United Nations linatulutsa koyamba mu 2003. Musadzivutitse ndi zonse. Werengani gawo 2, lonena za kuopsa kwa katundu, gawo 4 la chithandizo choyamba, ndi gawo 8 la zovala zodzitetezera. Pa gawo 2 mukaona nambala ya H315, ndiye kuti amatupitsa kapena kuyabwitsa khungu. H319 ndi ya kupweteka kwambiri kwa maso, pomwe H318 ikutanthauza kuti diso likhoza kuwonongekeratu.

Mapepala ambiri a silagi simupezamo manambala amenewa, ndipo sikuti onse akunama. Koma dziwani momwe amayezera. Muyezo wakale wa khungu, wa OECD 404, amaika katundu pang'ono pakhungu la kalulu kwa maola 4, kenako n'kupukuta. Masiku ano ambiri amagwiritsa ntchito khungu lopangidwa kulabu. Zonsezo n'zabwino, koma mnyamata wanu wopakira katundu sakhala maola 4 m'chipinda chozizira. Amakhala tsiku lonse padzuwa, thukuta lili kamukamu, fumbi litalowa m'kolala ndi m'jombo, likumukhula pa sitepe iliyonse.

Ulendo wanga wachitatu ndinanyamula silagi ya sitilo yomwe inali isanakhalitse panja. Imeneyi imakhala ndi laimu wotsala yemwe sanasakanikirane ndi zinazo, ndipo akakumana ndi madzi amasanduka mankhwala ootcha ngati a simenti yonyowa. Madzi otuluka pamulu wotere pH yake, muyezo wa ukali wa mankhwala ngati laimu womwe umalekeza pa 14, imatha kufika 12. Tsikulo kunagwa mvula, matumba awiri anang'ambika, ndipo anyamata anayamba kuwola ndi mafosholo ataima m'matope otuwa. Palibe anadandaula. Kuipa kwa laimu n'komweko: saluma nthawi yomweyo ngati asidi, amadya mwakachetechete. Pofika madzulo mmodzi anavula jombo, tinapeza pamwamba pa kakolo pali mzere wofiira wozungulira mwendo, khungu lili terere ngati lapakidwa sopo. Kutacha panali zilonda. Anakhala milungu iwiri osavala nsapato, ndipo ndalama zakuchipatala zinatuluka m'thumba langa, monga zinayenera kukhalira. Pepala lomwe ndinapatsidwa linali la silagi ya mtundu wina, ine osaliwerenga bwino.

Silagi ya sitilo amayenera kuisiya panja miyezi ingapo kuti laimuyo aphwe mphamvu, apo ayi imafufuma ndi kung'amba msewu. Ndiye funsani kuti muluwo wakhala nthawi yaitali bwanji. Yankho lake likuthandizani pawiri, pa mbiri yanu kwa wogula ndi pa miyendo ya antchito anu.

M'maso ndiye musachite nazo masewera. Fumbi la laimu likalowa, misozi yomweyo ndiyo imalidzutsa, ndipo limalowa mkati mwa diso mofulumira. Munthu asatikite. Mutsegulireni zikope, mumuthire madzi oyera osalekeza kwa mphindi zosachepera 20, akuyendetsa diso uku ndi uku kuti timibulu tobisala kuseri kwa chikope tituluke, kenako kuchipatala, mutanyamula SDS ija kuti adokotala adziwe chomwe chalowa. Musathiremo china chilichonse poganiza kuti mukuzimitsa mankhwalawo. Ya kopa ndi nkhani ina: siotcha kwenikweni, koma timibulu take n'takuthwa ngati magalasi osweka. Kamodzi kokha kakalowa munthu n'kutikita, kamakanda pamwamba pa diso. Magalasi wamba otseguka m'mbali sathandiza pakakhala mphepo. Gulani aja amamatira kunkhope kuzungulira.

Pali mitundu itatu yomwe ndimaiopa mwapadera. Ya kopanga ferrochrome, chitsulo chosakanizidwa ndi chromium, nthawi zina imakhala ndi poizoni wotchedwa chromium VI, yemweyo amene amayambitsa ziwengo kwa amisiri ogwira simenti. Thupi likangoyamba kudana naye, ziwengozo zimabwerera nthawi iliyonse munthu akamukhudza, ngakhale patapita zaka. Ya mtovu siyabwa n'komwe, ndiye imapusitsa. Fumbi lake limachoka m'manja kupita m'kamwa, limapita kunyumba pa ovolosi, n'kukafika kwa ana. Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe m'dziko la Zambia unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akumeneko akupezekabe ndi mtovu m'magazi. Zotsalira za kosungunula aluminiyamu ndiye sindinyamula ngakhale andinyengerere bwanji. Zikanyowa zimatulutsa mpweya wa ammonia wowawa m'maso, pamodzi ndi wa hydrogen womwe umayaka, n'chifukwa chake pamsewu zimayenda ngati katundu woopsa, pa nambala ya UN 3170.

Musaiwale kuti paboda amatha kukuuzani kuti mutsegule tenti aone katundu. Imani kumbali komwe mphepo ikuchokera, ndipo muchenjeze wakasitomuyo asanapise dzanja m'thumba. Ndinaonapo wina atatapa ya kopa kumanja ngati akuyesa mchenga, kenako n'kudzipukuta nalo kumaso.

Ngati mwatsimikiza zoyamba, yambani ndi silagi yamchenga ya opanga simenti, youma, ya m'matumba a tani imodzi, yochokera kufakitale imodzi yomwe pepala lake dzina la katundu likufanana ndi la pa invoyisi. M'lole muzikhala magolovesi osalowa madzi, magalasi aja, zotchinga mphuno, ndi chigubu cha malita 20 cha madzi oyera chomwe dalaivala saloledwa kuthira mu injini. Anyamata mabuluku azigwetsera kunja kwa jombo, asamapisire mkati. Wogulitsayo akakutumizirani SDS yake, munditumizire gawo 2 ndi gawo 3, lonena zomwe zili m'katunduyo, tionere limodzi musanapereke dipoziti.