Za puloti ya m'dambo ku Budiriro

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kugula puloti yotsika mtengo imene akukutsatsani m'mphepete mwa dambo ku Budiriro, dera la mu mzinda wa Harare, komanso kuti ndi nthambi iti ya boma imene ili ndi mphamvu pa malo otere. Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musatulutse ndalama mpaka mutafika ku EMA, bungwe la boma loyang'anira zachilengedwe muno mu Zimbabwe, lomwe limagwira ntchito motsatira lamulo la Environmental Management Act la chaka cha 2002.

Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tinakula tikumva kuti mfumu ikaloza malo ndi ndodo nkhani yatha, ndiponso kuti dambo ndi lolimamo dimba. Kuno ku Harare sizili choncho. Malo a m'tauni amagawidwa ndi khonsolo kapena ndi boma kudzera ku unduna wa maboma ang'ono, koma ngakhale mwini malo atavomera, lamulo limaletsa kumanga m'dambo, kulikwirira kapena kukumbamo ngalande zoumitsira popanda chilolezo cholembedwa chochokera ku EMA. Kulima kumene, ngati kuli pafupi ndi mtsinje mosafika mamita 30, n'koletsedwanso. Choncho risiti ya wogulitsa siingateteze nyumba yanu tsiku limene akuluakulu adzabwere kudzagwetsa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi nkhani ya madzi. Mzinda uno unamangidwa kumtunda kwa nyanja imene timamwa. Mvula ikagwa, madambo amasunga madziwo, kuwasefa ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje ya Marimba ndi Mukuvisi, mpaka akafike ku nyanja ya Chivero, komwe amapopedwa kupita ku malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray asanabwerere m'mipope yathu. N'chifukwa chake Monavale Vlei, Cleveland Dam ndi Chivero zinaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse, pansi pa pangano la Ramsar. Tikathira konkire padambo, zitsime zimaphwa msanga m'chilimwe, ndipo m'dzinja madzi a m'zimbudzi amasakanikirana ndi a m'zitsime chifukwa madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2008 ndi 2009, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno ndipo Budiriro inali pakati pa madera omwe anavutika koposa. Mu 2018 inabweranso ku Glen View ndi ku Budiriro komweko.

Msuweni wanga anamanga pamalo otere. Januwale aliyense madzi amatumphuka pansi m'chipinda chogona, khoma linang'aluka, ndipo amene anamugulitsa sanaonekenso.

Tengani nambala ya pulotiyo ndi mapu a malowo, mupite nazo ku ofesi ya khonsolo yoona za mapulani, kenako ku EMA, mukafunse ngati malowo sali m'dambo. Wogulitsayo mumuuzenso akuonetseni satifiketi ya kafukufuku wa zachilengedwe imene EMA imapereka ntchito yomanga nyumba zambiri isanayambe. Akayamba kukufulumizitsani kuti ena akuifunanso, musiyeni.