Yankho pa za kusalaza kaliwo wa briar

Achimwene, mwafunsa ngati mungapake vanishi pa kaliwo wanu popeza akukana kunyezimira. Chonde musatero, chifukwa vanishi amasupuka kaliwo akatentha. Kawirikawiri vuto limakhala pa kakwechedwe. Yambani ndi sandipepala ya 220, kenako 320, 400 mpaka 600 osadumpha nambala, ndipo mukamaliza iliyonse muzipukuta kaliwoyo ndi kansalu koviika mu spiriti kuti timizere totsalira tionekere mukamuyang'anitsitsa padzuwa. Mtengo wa briar, womwe anasemera kaliwo wanuyo, umachokera ku tsinde la Erica arborea, chitsamba cha m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ndipo ndi wolimba kwambiri, sufuna phuma.

Pomaliza pakani phula la carnauba (phula lolimba lochokera ku masamba a mtengo wina wa kanjedza), lomwe limasungunuka pa madigiri oposa 80. Ine ndinayesapo phula la njuchi kuno ku Nsanje mu Okutobala, koma kaliwoyo ankangomata m'manja ndi kukola fumbi.