Funsani Dokotala: Amayi akuti mpeni umadzutsa khansa

Adokotala, amayi anga ali ndi zaka 58. Anasiya kusamba kalekale, koma kwa miyezi inayi tsopano akumaona timagazi, nthawi zina ndi chikazi chonunkha. Sakumva kuwawa. Akumwa zitsamba ndi makapisozi ogula pagolosale. Kuchipatala akukana. Akuti mauthenga a khansa a pawailesiwa abwera dzana kudzaopseza anthu, komanso khansa ikangokhudzidwa ndi mpeni imafalikira thupi lonse. Mnzawo wa kumpingo anamwalira atangochitidwa opaleshoni. Kodi n'zoona?
Mwana wawo wamkazi, Ntchisi

Zikomo achemwali. Ndikuona kuti chikukuvutani kwenikweni ndi ichi: mukawakakamiza kupita kuchipatala zinthu n'kuipa, abale adzaloza inu chala. Ndiye tiyeni tikambirane za mpeniwo, chifukwa mantha amenewa ndi akale kuposa wailesi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mumzinda wa Königsberg ku Germany ya nthawiyo, kunali dokotala wa amayi dzina lake Georg Winter. Iye anatopa ndi kulandira amayi odwala khansa ya chiberekero nthawi yochita opaleshoni itadutsa kale. Analembera madokotala anzake ndi azamba, n'kuikanso chenjezo m'nyuzipepala, ndipo chizindikiro chimodzi chimene ankachitchula ndi chomwechi cha amayi anu: magazi obwera munthu atasiya kusamba. Mu 1913 ku New York, madokotala ndi anthu ena ochepa anayambitsa bungwe la American Society for the Control of Cancer, lomwe pambuyo pake linadzakhala American Cancer Society. Masiku amenewo ngakhale mawu oti khansa anthu ankawazemba, womwalira ankangoti wadwala nthawi yaitali, monga timamvera pa mauthenga a maliro kwathu kuno. Pofika 1936 bungweli linakhazikitsa gulu la amayi lotchedwa Women's Field Army, ovala yunifolomu ya khaki, oyenda khomo ndi khomo ndi timapepala. Uthenga wawo unali umodzi: musachedwe, ndipo musataye nthawi ndi ogulitsa mankhwala opaka ndi akumwa olonjeza kuchiza popanda mpeni.

Pa zoopsezazo amayi anu sakunama kwenikweni. Madokotala ambiri ku Britain anakhala zaka akukana kuphunzitsa anthu za khansa poopa kuti angowadzaza mantha. Komanso maopaleshoni a nthawiyo anali aukali, mayi wa khansa ya m'bere ankamuchotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa. Ine ndimaona kuti ena mwa mauthenga athu lero amachulukitsabe maliro kuposa malangizo. Koma zoti mpeni umadzutsa khansa, ayi, pamenepo ndikana.

Chimachitika ndi ichi. Munthu amakhala ndi chizindikiro chaka chathunthu akuyendera zitsamba. Nthawi yonseyo khansa ikukula mwakachetechete, ikulowerera ziwalo zoyandikana, ikuyenda m'magazi ndi m'timitsempha topita ku mwanabere. Ululu ukafika posapiririka ndiye amamutengera kuchipatala. Madokotala amayesa zomwe angathe, munthu n'kumwalira patapita masabata ochepa, ndipo kumudzi anthu amakumbukira opaleshoni ya mwezi watha, chaka chonse chija n'kuchiiwala. Za mnzawoyo sindingaweruze chifukwa sindinamuone, koma nkhani zoterezi zimayenda chonchi kawirikawiri. Kachidutswa komwe timatapa kuti tikayeze kamakhala kakang'ono ngati njere ya mpunga, ndipo khansa ya khomo la chiberekero ikapezeka isanapite patali, opaleshoni ndi imene imachiza.

Tsopano ndikudzudzuleni pang'ono. Miyezi inayi ndi yambiri, achemwali. Makapisozi a pagolosalewo angachepetse fungo masiku angapo, inu n'kumati zayamba kusintha, pomwe gwero lake silinakhudzidwe n'komwe. Ndipo kusamva kuwawa kusakunamizeni, khansa ikamayamba nthawi zambiri siwawa.

Sindikunena kuti amayi ali ndi khansa. Munthu akasiya kusamba, khungu la m'njira ya chiberekero limapyapyala n'kumatuluka magazi, penanso pamakhala tizotupa tosaopsa. Koma palibe angasiyanitse zimenezi ali kunyumba, ngakhale ine pakalata pano.

Apititseni kuchipatala cha boma sabata ino. Mukafika musangoti tabwera kudzayezetsa khansa, chifukwa angakuikeni pamzere wa kuyeza kopaka viniga pakhomo la chiberekero, komwe cholinga chake ndi amayi opanda zizindikiro, ndiponso sikuonetsa bwino kwa amene anasiya kusamba. Nenani momveka kuti akutuluka magazi atasiya kusamba, kwa miyezi inayi. Adzawaona khomo la chiberekero ndi kachipangizo kotsegulira njira, mwina adzawajambula pamimba, ndipo ngati pali chokayikitsa adzatapa kachidutswa kaja kapena kuwatumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Tengani buku lawo la kuchipatala, mankhwala onse omwe akumwa ndi zitsamba zomwe, ndipo ngati ali pa ma ARV munene. Ngati akuchita manyazi, pemphani namwino wamkazi, ndipo inu mukhale pafupi. Magazi akachuluka, kapena akayamba chizungulire ndi kufooka, musadikire kuti kuche.

Inunso, ngati muli ndi zaka zapakati pa 25 ndi 49, kuyeza kwa viniga kuja n'kwanu, chitani tsiku lomwelo. Ngati muli ndi mwana wamkazi, funsani za katemera wa HPV, kachirombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, katemera amene boma linayamba kupereka m'dziko lonse mu 2019.

Akatapa kachidutswa, musachoke musanafunse tsiku lobwera zotsatira ndi chipinda chokazitengera. Siyani nambala ya foni yomwe imagwira, ndipo tsikulo likakwana osaimbiridwa, pitani nokha mukafunse.