Zoyera ngati ufa pakhonde lasimenti: kukolopa kwambiri sikungathandize

Mayi wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo. Akuti khonde lawo lasimenti likutuluka zoyera ngati ufa m'mbali mwa khoma. Akakolopa zimasowa, likangouma zabwereranso. Palinso banga lakuda pamene bambo a kunyumba amaimika njinga yamoto, ndi mzere wofiira wozungulira pamene pankakhala mgolo wa madzi. Athirapo Jik mpaka botolo kutha, koma palibe chasintha.

Mayi, Jik ameneyo musungeni. Pa mavuto atatu mwatchulawa palibe limene angalithe. Ntchito yake ndi ndere ndi nkhungu, zija zimamera kuseri kwa bafa ndi pansi pa mpopi. Pa dzimbiri ndiye amangowonjezera kufiira.

Zoyerazo ndi mchere, ndipo ndilo vuto lathu lenileni kuchigwa cha Shire kuno. Simenti imaoneka yolimba koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, imamwa madzi. Madziwo akalowa, kaya ochokera m'nthaka kaya a m'chikolopa chanu, amasungunula mchere ndi laimu wa m'simentimo. Dzuwa likawaumitsa, mchere umatsala pamwamba. Tsono mijigo yambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kumaumitsa pansi musanafike n'komwe pakhomo ndi chikolopa. Ngati wanu ndi mjigo wotero, tsiku lililonse mukukolopa mukuthirapo mchere wina.

Yambani pouma. Kwechani ndi bulashi yolimba yapulasitiki, sesani, fumbilo mukatayire kutali. Kenako tsukani ndi madzi osawawa, amvula ngati munasunga. Pamene zaundana n'kulimba, nyowetsani kaye simentiyo ndi madzi, kenako thirani viniga kapu imodzi m'makapu anayi amadzi, dikirani mphindi 5, kwechani, tsukulutsani bwino. Viniga amadya simenti pang'ono ndipo amazilalitsa utoto wofiira wapansi, choncho yesani kaye pakona posaonekera. Chonde, viniga ndi Jik asakumane, m'ndowa kapena pansi: amatulutsa mpweya wa klorini umene umawotcha maso ndi m'mapapo.

Zikabweranso mutasintha madzi, ndiye kuti chinyezi chikuchokera pansi. Nyumba zimene zinakhalapo m'madzi, monga nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, zimatha kuona zotere. Enanso mmisiri sanawayalire pulasitiki yakuda yotchinga chinyezi ija asanathire konkire, pofuna kuchepetsa mtengo, ndipo mwini nyumba amadzadziwa patapita zaka. Apa bulashi ilibe mphamvu. Kumbani kangalande kuti madzi a padenga ndi otsukira mbale asamadikhe m'mphepete mwa khonde. Polishi musapake pamalo achinyezi. Adzangofundula n'kusiya zigamba zonyansa kuposa poyamba.

Oyilo wa njinga akangodontha kumene, musathire madzi. Muunjikireni phulusa, utuchi kapena mchenga wouma, agone usiku, m'mawa musese. Lanulo ndi banga lakale, lalowa mkati. Phatikizani sopo waufa ndi madzi otentha akhale phala, pakani, kwechani, mufunditse thumba lapulasitiki kuti lisaume msanga, mutsuke m'mawa. Chitani madzulo, chifukwa masana kuno phalalo limauma lisanagwire ntchito. Mudzabwereza kangapo, ndipo kakuda pang'ono kakhoza kutsalabe. Bambo akanena zothira petulo muwakanize: amamwaza oyilo n'kumulowetsa mkati, komanso mbaula ili pafupi. Aike katoni kapena kabeseni kakale pansi pa injini, koma koposa zonse akakonzetse podonthapo.

Dzimbiri ndi losavuta. Finyirani mandimu pamzerepo, mudikire mphindi 10, mukweche, mutsuke. Bulashi yawaya ayi, imasiya tizidutswa tachitsulo timene mawa tichitanso dzimbiri. Alipo amene angakuuzeni kuti asidi wa m'batire amachotsa kamodzin'kamodzi. Amachotsadi, pamodzi ndi nkhope ya simentiyo, mchenga n'kutsala poyera, ndipo akakudontherani amawotcha khungu. Mgolowo mukaubweza, muukhazike pa njerwa kuti pansi pake pazipita mphepo.