Kodi Arthur C. Clarke tingamutchule kuti mneneri?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sekondale, ndipo ndikulemba nkhani yokumbukira Arthur C. Clarke, mlembi wa ku England uja. Anzanga akuti ndimutchule kuti "mneneri wa sayansi", mabuku ake ndiziti "nthano". Kodi mawu amenewa ali bwino?

Yankho: Aphunzitsi, mawu oti "mneneri" asiyeni. M'Chichewa mneneri ndi munthu wolandira uthenga kwa Mulungu, ndipo mwana akamva dzinali amaganiza za Yesaya kapena za kutchalitchi. "Mlosi" nayenso amatikokera ku maloto ndi mizimu. Clarke sanalote ayi, anachita masamu.

Taonani zomwe analemba mu 1945 m'magazini ya Wireless World. Anati setilaiti itaikidwa pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 pamwamba pa ikweta, izizungulira dziko kamodzi pa maola 24, n'kumayendera limodzi ndi kuzungulira kwa dziko lenilenilo. Kwa ife tili pansi pano izioneka ngati yaima malo amodzi. Anawerengeranso kuti masetilaiti atatu otere angathe kufikitsa mauthenga a wailesi pafupifupi padziko lonse. Mu 1964 setilaiti ya Syncom 3 inakakhaladi m'njira imeneyi, n'kuonetsa anthu a ku America masewera a Olympics a ku Tokyo. Dishi ya TV imene mwaikhomera pakhoma imayang'ana mbali imodzi chaka chonse osatembenuzidwa chifukwa cha zomwezi.

Munthu wotere timati anali woona patali. Mukhozanso kulemba kuti "anaoneratu" kapena "ananeneratu". Ngakhale "analosera" palibe vuto, pakuti a zanyengo amalosera mvula pa wailesi tsiku ndi tsiku ndipo palibe amawayesa oombeza ula. "Masomphenya" ndimawavomereza, popeza masiku ano tinazolowera kumva za masomphenya a chitukuko, koma chiganizo chanu chionetse kuti anali masomphenya a munthu wodziwa sayansi.

Pa "nthano" ndiye ndikukana ndithu. Nthano ndi zija za Kalulu ndi Fisi, zoyamba ndi "padangokhala" ife n'kumavomera kuti "tili tonse". Zilibe mwini, ndipo zimakamba za kalekale. Buku la 2001: A Space Odyssey, lomwe linatuluka mu 1968 pamodzi ndi filimu ya Stanley Kubrick, lili ndi mwini wake ndipo limayang'ana kutsogolo. Lembani kuti "nkhani zopeka za sayansi". Mawuwa ndi aataliko, koma ophunzira anu awamva osafunsa kawiri.

Poti nkhani yanu ndi yachikumbutso, potchula dzina koyamba muyambe ndi "malemu": malemu Arthur C. Clarke, amene anabadwira ku Minehead mu 1917, nasamukira ku Sri Lanka mu 1956, n'kumwalirira ku Colombo mu 2008. Mukatero kamodzi basi, kutsogoloko muzingoti Clarke.